Ndalama za Khirisimasi zimene sizigula mchere

Mwezi wa Disembala ukafika, misewu ya kumalire kuno siisowa anthu. Mvula imakhala ili mkati, chimanga chikufuna khasu, koma pa Kalomwe, pa Biribiri ndi pa Zobwe mabasi ndi malole amakhala akutsitsa ana a m'mudzi ochokera ku Tete, ku Beira, ku Harare ndi ku Joni, aliyense ndi chikwama chake pamutu, kudzadya tsiku la 25 Disembala limene boma limalitcha Dia da Família. Amene ali kutali kwambiri, monga ku Mangalande, kawirikawiri satha kubwera, ndiye amangopatsira anzawo timaphukusi toti akapereke kwa makolo.

M'timaphukusi totere nthawi zina mumatuluka chinthu chozunguza mutu: ndalama yachitsulo ya makona 7, yotsekeredwa m'kakhadi kokongola, mbali ina kuli mutu wa mfumu ya ku Britain, mbali inayo kuli chithunzi cha Khirisimasi. Wolandirayo akapita nayo kwa anyamata osintha ndalama pamalire, amamubweza nayo. Ku banki nakonso sailandira. Zikatero ena amaiponyera ana kuti aziseweretsa pabwalo, pomwe ena amayamba kulota kuti agwira chuma chogula khola la ng'ombe. Onsewa amakhala atalakwitsa, ndipo amene amapindula ndi kulakwitsa kwawoko ndi munthu wachitatu, wochenjera uja amayenda m'midzi kufunsa za makobidi akale.

Mwambowu kwawo nkuti

Ndalama za Khirisimasi kwawo ndi ku maiko a kumpoto, kumene Disembala ndi mwezi wa chisanu choopsa. Mu mzinda wa London dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane, ndipo madera ena kumagwa chipale chofewa choyera ngati ufa, chokuta madenga ndi minda. Anthu amabindikira m'nyumba, kuwotha moto ndi kupatsana mphatso. Nchifukwa chake zithunzi za pa ndalamazi zimadabwitsa munthu wa kuno: ana atavala zikhoti zochindikala, mitengo yoyera mbee, ndi ngolo zopanda mateyala zotsetsereka pa chipale.

Kupatsana ndalama pa nyengoyi kudayamba kale. Akhristu a kumeneko amasimba nthano ya Nicholas Woyera, amene adali bishopu wa mzinda wa Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey, zaka za m'ma 300. Akuti bambo wina wosauka adali ndi ana aakazi atatu amene sakadakwatiwa chifukwa chosowa chuma chimene mwambo wa kumeneko unkafuna, ndipo bishopuyo adaponya timatumba ta golide m'nyumba mwawo usiku kuti asadziwike. Mpaka lero ana a ku Ulaya amalandira chokoleti choumbidwa ngati khobidi, chokutidwa ndi pepala lonyezimira ngati golide.

Ku Britain kuli mwambo wina umene agogo a kuno angaumvetse msanga, chifukwa ndalama yake amaidziwa. Lamulungu lomaliza nyengo ya Adiventi isanayambe, banja limasonkhana kukanda chigumu cha Khirisimasi, chodzaza ndi zipatso zouma, chophika pa nthunzi. Pokandapo amaponyamo sikisi, kandalama kaja kankagula zambiri masiku a sheleni ndi tiki. Pa tsiku la Khirisimasi, amene wakapeza m'gawo lake amati chaka chimuyendera bwino. Sikisi adasiya kugwira ntchito ku Britain mu 1980, koma fakitale ya boma yosula ndalama, Royal Mint, idayambanso kusula masikisi asiliva ogulitsa kwa ofuna kusunga mwambowu.

Nawonso Ayuda, pa chikondwerero chawo cha Hanukkah chimene chimatenga masiku 8 ndipo kawirikawiri chimagwa mu Disembala, amapatsa ana ndalama. Banki yaikulu ya Israel idayamba kutulutsa ndalama zachitsulo zokumbukira chikondwererochi mu 1958.

Kachilumba kamene kadayambitsa malonda

Pakati pa Britain ndi Ireland pali chilumba chotchedwa Isle of Man. Anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 84,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'boma la Angonia, koma chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo yotchedwa Tynwald ndipo chimatulutsa ndalama zakezake. Mu 1980 boma la pachilumbachi lidatulutsa 50 pensi ya Khirisimasi, yosulidwa ndi kampani ya Pobjoy Mint. Chaka chotsatira lidatulutsa ina ya chithunzi china, ndipo anthu adazolowera kudikira kuti chaka chino kubwera yotani.

Nzeru yake idali yapafupi. Munthu akagula ya 1980 ndi ya 1981, ya 1982 safuna imuphonye, chifukwa m'buku lake mukhala mpata. Motero kachilumba kaja kadapeza malonda obwera okha chaka ndi chaka. Gibraltar, kadziko kena kolamulidwa ndi Britain kumwera kwa Spain, kadatengera nzeruyi mu 1988. Pa ndalama zimenezi padaoneka anzeru a kum'mawa, oimba nyimbo za Khirisimasi, sitima, tchalitchi ndi nkhalamba ija ya ndevu zoyera yogawa mphatso.

Yotchuka kwambiri mwa zonse ndi ya Isle of Man ya 2003. Pa iyo pali chithunzi chochokera m'buku la ana lotchedwa The Snowman, limene Raymond Briggs adatulutsa mu 1978, lonena za mnyamata amene adaumba chidole cha chipale, chidolecho nkukhala chamoyo usiku. Mu 1982 bukuli adalisandutsa kanema, ndipo ku Britain amamuonetsa pa wailesi yakanema nyengo ya Khirisimasi ikafika. Popeza ndalamayi idasulidwa yochepa ndipo oifuna ndi ambiri, yosungidwa bwino m'khadi lake imagulidwa mapaundi oposa 100, chonsecho pamwamba pake padalembedwa theka la paundi.

Royal Mint, imene ili ku Llantrisant m'dziko la Wales, idachedwa kulowa m'malondawa. Mu 2016 idatulutsa ndalama yasiliva ya mapaundi 20 yoonetsa kubadwa kwa Yesu, yojambulidwa ndi Bishopu Gregory Cameron. Mu 2017 idatulutsa ya mapaundi 5 ya mtengo wa Khirisimasi, ndipo mu 2018, buku lija litakwanitsa zaka 40, idayamba mndandanda wake wa 50 pensi za chidole cha chipale. Mfumukazi Elizabeth II atamwalira pa 8 Seputembala 2022, pa ndalama zatsopano padayamba kuoneka mutu wa Mfumu Charles III. Kampani ya Pobjoy Mint, imene idasula yoyamba ija, idatseka kumapeto kwa 2023.

Dziko la Latvia lidachita mosiyanako. Ilo linkatulutsa ndalama za nyengo ya chisanu zoti ziziyenda m'misika ngati ndalama ina iliyonse: mu 2007 padali chidole cha chipale, mu 2009 mtengo wa Khirisimasi. Koma pa 1 Januwale 2014 Latvia idasiya ndalama yake ya lats nkuyamba yuro, ndipo makobidi aja adachoka pamsika nkutsala m'mabuku a osunga.

Mtengo wake umachokera kuti

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama yachikumbutso ili ndi mitengo itatu yosiyana, ndipo wosaidziwa ndiye amapusitsidwa.

Woyamba ndi wolembedwa pamwamba. Umenewu ndi wochepa, ndipo kuno sugwira ntchito konse, chifukwa mabanki ndi osintha ndalama salandira makobidi a maiko akutali. Ngakhale ku Britain komweko, wasitolo sakakamizidwa kulandira ndalama yachikumbutso, ndipo za Isle of Man ndi Gibraltar si ndalama zovomerezeka mu London.

Wachiwiri ndi wa chitsulo chake. 50 pensi wamba ya masiku ano imalemera magalamu 8 ndipo ndi msanganizo wa kopa ndi nikelo: pa magawo 100, kopa ndi 75, nikelo 25. Imawala ngati siliva koma mulibe siliva ngakhale pang'ono. Zilipo zina za chithunzi chomwecho zosulidwa ndi siliva kapena golide weniweni, koma zimenezo zimabwera m'kabokosi ndi chikalata chake, ndipo mtengo wake kufakitale ndi waukulu, si zoti munthu angangoziponya m'phukusi la sopo ndi shuga.

Wachitatu ndi umene wosunga mnzake angalole kupereka. Umenewu umadalira kuchepa kwa ndalamayo, kusapalika kwake, ndi kuchuluka kwa oifuna. Chitsanzo chodziwika ku Britain ndi 50 pensi ya 2009 yokumbukira munda wa maluwa wa Kew Gardens. Zidasulidwa 210,000 zokha, pomwe zinzake zimasulidwa mamiliyoni, motero anthu amaigula mapaundi oposa 100. Koma zotere nzowerengeka. Zambiri za Khirisimasi za zaka zaposachedwa fakitale imazigulitsa mapaundi 10 kapena kuposerapo, ndiye kuti kuwirikiza ka 20 mtengo wolembedwa, ndipo imasula zochuluka. Wogula akafuna kugulitsanso, kawirikawiri sapeza ndalama imene adalowetsa. Amene amazigula mwanzeru amadziwa kuti akugula chikumbutso, monga momwe mayi amagulira nsalu ya chikondwerero cha mpingo, osati mbewu yoti idzabala.

Tsono mayi amene walandira kakhadi kotere kuchokera kwa mwana wake ku Mangalande walandira moni wa Khirisimasi wosachita dzimbiri msanga. Asakang'ambe, asakatulutsemo ndalamayo, akasunge pouma.

Chitini cha agogo

Ngakhale Khirisimasi ya chipale ndi ya eni ake, kusunga makobidi si kwachilendo kumalire kuno. M'nyumba zambiri muli kachitini kapena kansalu komanga mfundo, m'mene muli ndalama za maboma atatu kapena anayi. Amuna amene adapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia ankabwera ndi masheleni. Amene ankagulitsa mbatata ndi nyemba tsidya lija ankabwera ndi makobidi obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, a njovu ziwiri, ndi timahafupeni ta akadyansonga. Mu 1964 Malawi adatulutsa zake za mutu wa Dr Banda, sikisi wa tambala, sheleni ya chimanga ndi fuloleni ya njovu, kenaka mu 1971 kudabwera kwacha ndi tambala.

Mbali ya kuno kudali eskudo ya Apwitikizi kufikira pa 16 Juni 1980, tsiku limene metikali idabadwa. Dzina lakelo lidachokera ku liwu la Chiarabu la muyeso umene ankayezera fumbi la golide pa malonda akale a m'chigwa cha Zambezi ndi m'mbali mwa nyanja yaikulu. Nkhondo itakula, anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo atabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 adabwera ndi matambala m'matumba. Mu 2006 boma lidachotsa maziro atatu pa metikali. Yatsopano idayamba pa 1 Julayi, yakale idasiya kuyenda kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mwayi woisintha ku Banco de Moçambique udatha pa 31 Disembala 2012. Amene adakwirira makontu awo pansi nkuiwala adatsala ndi mapepala ndi zitsulo. Pa 16 Juni 2024 banki idatulutsanso ndalama za maonekedwe atsopano.

Maiko awiriwa nawonso adasulapo ndalama zachikumbutso. Malawi adatulutsa ya masheleni 5 mu 1966 pamene dzikolo lidakhala lipabuliki. Mozambique idatulutsa ya mametikali 250 mu 1985 pokumbukira zaka 10 za ufulu, ndi ya mametikali 1,000 mu 1988 pa ulendo wa Papa John Paul II. Wopita ku Maputo angathe kuona mbiri yonseyi ku Museu Nacional da Moeda, nyumba yosungira ndalama zakale imene idatsegulidwa mu 1981.

Zambiri za m'chitini cha agogo zilibe mtengo waukulu, chifukwa zidasulidwa zochuluka ndipo zidapalika m'manja mwa anthu. Koma zina zili ndi siliva weniweni. Masheleni, mafuloleni ndi mahafukoloni a ku Britain a chaka cha 1946 kubwerera m'mbuyo ali ndi siliva, chimodzimodzi a Southern Rhodesia a zaka zomwezo, pomwe kuyambira 1947 adayamba kugwiritsa ntchito kopa ndi nikelo pa ndalama zoyenda m'misika. A ku South Africa adakhalabe ndi siliva mpaka 1964. Ndalama za maeskudo 20 za kuno za zaka za m'ma 1950 nazonso nzasiliva. Choncho chinthu choyamba kuchita ndi kuwerenga chaka, ndipo ngati maso atopa, mdzukulu wa kusukulu awerenge.

Achenjere ndi alendo a pakamwa potsekemera

Nyengo ya Khirisimasi imagwa pamene nkhokwe zayamba kupepuka, feteleza akufunika, ndipo ana akuyembekezera malaya atsopano. Munthu wofuna kugula zinthu motchipa amadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi. Akafika pakhomo amayamba ndi ulemu wonse: agogo, muli ndi timakobidi takale tosagwira ntchito? Amatenga chitini chonse ndi mtengo wa paketi ya shuga, osasankha, chifukwa akudziwa kuti mwa makumi asanu mungapezeke zitatu zasiliva.

Chinyengo china chimayenda chobwerera. Kumabuka mphekesera yoti khobidi la chaka chakutichakuti lili ndi mphamvu yachinsinsi, ati limakoka singano kapena lili ndi mankhwala m'kati, ndipo kuli bwana wina amene akulifuna ndi mamiliyoni. Posakhalitsa pamatulukira munthu amene ali nalo khobidilo ndipo akuligulitsa motchipa poti ali pa mavuto. Wadyera amagulitsa mbuzi, mwinanso ng'ombe, kuti aligule. Akamakafuna bwana uja amapeza lamya yake siikulowa. M'khobidi mulibe china koma chitsulo. Amene akulonjeza mamiliyoni koma akufuna kuti mwini khobidi ayambe wapereka ya mayendedwe, ya kuyeza kapena ya zikalata, ameneyo ndi mbala basi.

Zachinyengo zosula zilikonso. Ku Britain komweko ndalama zosowa monga ya Kew Gardens ndi za Khirisimasi za Isle of Man anthu amazikopera nkumazigulitsa pa intaneti ngati zenizeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Maginito amathandiza pang'ono: siliva ndi golide sizikokedwa, choncho ndalama imene akuti njasiliva ikamatirira pa maginito, bodza laonekera. Koma kusamatirira si umboni, chifukwa msanganizo wa kopa ndi nikelo uja nawonso sumatirira. Umboni weniweni ndi chaka, kulemera kwake pa sikelo yaing'ono, ndi maso a munthu wodziwa amene sakufuna kugula.

Mwa ichi, banja lisagulitse chitini pa tsiku limene wogula wabwera. Ayambe akhala pansi ndi ana ndi a malume, alembe ndalama iliyonse ndi dziko ndi chaka chake, afunse kwa aphunzitsi kapena kwa wachibale wa m'tauni amene angaone mitengo pa intaneti, ndipo amve mtengo kwa ogula awiri kapena atatu. Safunsa adadya phula.

Kasungidwe kake

Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita ndi cha mtima wabwino. Poona khobidi lada, amalikwecha ndi phulusa, mchenga kapena ndimu kuti liwale ngati poto. Kwa osunga ndalama, khobidi lokwecha latha ntchito, chifukwa timizere ta mchenga sitichokanso. Kuda kwa ukalamba iwo amakukonda. Ndalama isabowoledwe kuti ikhale mkanda, isagwidwe pankhope koma m'mphepete, pakuti thukuta la zala limasiya chizindikiro. Iliyonse ikulungidwe m'kapepala kake kouma kuti zisakhulane, ndipo chitini chikhale pamwamba, kutali ndi chinyezi cha dzinja ndi utsi wa kukhitchini.

Osunga a ku Ulaya amasankha mutu umodzi nkuutsatira: wina za Khirisimasi zokhazokha, wina za mbalame, wina za chaka chimene ana ake adabadwa. Mwana wa sukulu wa ku Ulongwe, ku Domwe kapena ku Tsangano angathe kuchita chimodzimodzi osaononga kanthu. Pa chenje cha kumsika angapatule metikali imodzi ya 2006 ndi ina ya 2024, ya mametikali 5 ija ya chithunzi cha timbila, kwacha ya tsidya lija, nkuwonjezera eskudo ndi khobidi lobowola zopempha kwa agogo. Pa katoni yodula bwino, ndi dzina ndi chaka pansi pa iliyonse, mwanayo amakhala ndi mbiri ya dera lake m'manja.

Ndipotu chisanu cha kuno chili ndi zikondwerero zakezake. Mu Juni, pamene ku mapiri a Angonia m'mawa kumachita chifunga ndipo anthu amakhala pamoto atafunda mabulangete, pamakhala tsiku la metikali pa 16 ndi la ufulu pa 25. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, ntchito yachepa, madzulo ndi aatali. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoti agogo atsitse chitini, adzukulu atazungulira, afotokoze kuti sheleni iyi idabwera ndi ndani kuchokera ku mgodi uti, ndipo tambala uyu adatsala pa chakudya cha tsiku liti ku msasa wa othawa nkhondo. Wogula wa pa njinga yamoto angapereke mtengo wa siliva, koma nkhani zimenezi sazilipira, ndipo chitini chikachoka pakhomo zimapita nacho limodzi.